Maphunziro a ukazembe a masabata awiri kunja: ma credit ake amawerengedwa kuno?

Malume wa ku Ngabu

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mwana wa mlongo wanga ali chaka chachiwiri pa yunivesite ina kuno kwathu, akuphunzira za ndale ndi kayendetsedwe ka boma. Walandira imelo yomuitanira ku maphunziro a ukazembe ku Washington, masabata awiri mu Julaye, ndipo akuti akamaliza apatsidwa college credit. Abale ayamba kale kukamba zotulutsa ng'ombe m'khola. Kodi credit imeneyi ndi chiyani kwenikweni, ndipo idzamuchepetsera maphunziro pa digiri yake?

Mphunzitsi wa ku Nchalo

Bambo, ng'ombe zidikire kaye. Pali mapepala awiri amene anthu amasokoneza. Loyamba ndi satifiketi yongosonyeza kuti mwana anakhalapo nawo. Ija ndi yopachika pakhoma basi. Lachiwiri ndi transcript, pepala lochokera ku ofesi ya Registrar wa yunivesite yovomerezeka, lolembedwa dzina la kosi, nambala yake, giredi ndi kuchuluka kwa ma credit. Popanda lachiwirili palibe credit.

Credit ndi muyeso wa ntchito imene wophunzira wagwira. Ku America digiri yoyamba imakhala ma credit pafupifupi 120, ndipo kosi imodzi nthawi zambiri ndi 3. Ku Ulaya amawerengera ma credit awo otchedwa ECTS: chaka chathunthu ndi 60, ndipo imodzi ndi maola 25 mpaka 30 a kuphunzira. Ndiye masabata awiri, zikayenda bwino, ndi kosi imodzi. Sangadumphe nayo semesita.

Pamene ambiri amagwera m'mbuna ndi apa: wovomereza credit si amene waipereka, koma yunivesite imene mwana akuphunzira. Auzeni alembere okonzawo, awafunse kuti transcript ikutuluka m'dzina la yunivesite iti, ndipo atumize silabasi yonse yokhala ndi maola a m'kalasi, zowerenga ndi mtundu wa mayeso. Silabasiyo apite nayo kwa mkulu wa dipatimenti yake, kenako kwa Registrar, afunse kuti kosiyi ilowa m'malo mwa iti. Yankho likhale lolembedwa, lodindidwa, asanalipire kanthu. "Tidzaona mukabwera" si yankho. Nthawi zambiri zimakanika chifukwa maola ndi ochepa, kapena panalibe mayeso enieni, kapena kosiyo inakonzedwera ana a sekondale pamene iye ali kale chaka chachiwiri. Chomalizachi chiyang'anitsitseni, chifukwa maphunziro ambiri otere ku Washington ndi a ana a sekondale. Komanso kwina credit ili ndi mtengo wake wapadera ndi ntchito yolemba yoonjezera, siibwera yokha ndi malipiro a malo ogona ndi zakudya.

Aonenso kalendala. Chilimwe chawo ndi Juni mpaka Ogasiti, nthawi yathu yozizira, ndipo sikuti nthawi zonse chimagwirizana ndi tchuthi cha mayunivesite athu. Kwa a Folomu 4 chimawombana ndi mayeso a MSCE.

Mayi wa ku Bangula

Ndionjezereko za ulendo, achimwene, chifukwa ndi pamene ndalama zimathera. Munthu wokaphunzira kosi ya credit ku America saloledwa kulowa ndi viza ya mlendo wamba, ija ya B-2. Njira yake ndi viza ya ophunzira, ya F-1. Sukulu imatumiza fomu ya I-20 yotsimikiza kuti yamulandira, wophunzira amalipira madola 350 a SEVIS (kaundula wa ophunzira ochokera kunja), amadzaza fomu yofunsira viza ya DS-160 pa intaneti, amalipira madola 185 a viza, kenako amakaonekera yekha ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Akakanidwa, ndalama ya viza siibwerera. Ngati okonzawo akunena kuti pali credit koma sangapereke I-20, afunseni bwinobwino kuti mwana alowa bwanji.

Dziwaninso kuti kuyambira Ogasiti 2025 Amalawi ofuna viza ya B-1 kapena B-2 anayamba kuuzidwa kuika chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndipo malamulo okhudza dziko lathu akhala akusinthasintha. Choyamba kuchita ndi kufunsa ku ofesi ya kazembe ngati viza yofunikayo ikuperekedwa kwa Amalawi panopa. Alangizi a EducationUSA, nthambi ya boma la America yolangiza ofuna kukaphunzira kumeneko, amathandiza mwaulere.

Powerengera musaone malipiro a kosi okha, omwe kale ndi madola masauzande angapo. Pali tikiti ya ndege, inshuwalansi ya chipatala, pasipoti, ulendo wokwera Thabwa mpaka Blantyre ndi Lilongwe, malo ogona kumeneko. Madola ku banki ndi ovuta, pempho limatenga nthawi, ndipo tsiku lomaliza kulipira silidikira munthu. Lipirani ku akaunti ya sukulu yokha. Wina akati tumizani pa foni yake kuti akusungireni malo, muthaweni.

Malume wa ku Ngabu

Takhuta, amayi ndi aphunzitsi. Nanga zimene amaphunzitsazo ndi zoti sangazipeze kwina?

Wophunzitsa za ubale wa mayiko

Zimene amaphunzitsa ndi zabwino, ndisaname. Amayamba ndi Pangano la ku Vienna la 1961, lonena za udindo ndi chitetezo cha akazembe, ndi la 1963 la ma consul, othandiza nzika za dziko lawo kunja. Amaphunzira kayendetsedwe ka United Nations, mayiko 193, ndi Security Council, khonsolo yake yoona za chitetezo, ya mamembala 15, asanu mwa iwo okhazikika okhala ndi mphamvu yokana chigamulo. Gawo lokoma ndi la Model UN: wophunzira amapatsidwa dziko losakhala lake, amalemba tsamba limodzi kapena awiri ofotokoza maganizo a dzikolo, kenako amakambirana ndi anzake mpaka alembe chigamulo chimodzi. Phindu la Washington kapena Geneva ndi loti amakaona maofesiwo ndi maso n'kumva akazembe akulankhula.

Koma mwana wa kuchigwa kuno ali ndi nkhani zimene anzake a kunja amangoziwerenga. Taonani doko la ku Nsanje. Linatsegulidwa mu Okutobala 2010, koma chombo chimene chimayenera kufika tsikulo chinagwidwa ku Mozambique, boma lakumeneko likunena kuti kafukufuku wa momwe zombo zingakhudzire Zambezi ndi Shire sanachitike. Simenti ija ili pompaja mpaka lero, ndipo chinasowa si madzi koma mgwirizano. Wophunzira atafunsa kuti Mozambique ikanapindula chiyani, ikanataya chiyani pa madoko ake a Beira ndi Nacala, ndipo Malawi ikanapereka chiyani posinthana, waphunzira kukambirana kuposa momwe masabata awiri angamuphunzitsire. Palinso othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene anaposa miliyoni imodzi m'dziko muno, masauzande ambiri a iwo m'boma la Nsanje, mpaka pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992 linatsegula njira yobwerera. Agogo amene anawagawira minda ndi mapira alipo, angafunsidwe. Palinso ZAMCOM, bungwe la mayiko ogawana madzi a Zambezi, lomwe ntchito yake imakhudza aliyense amene nyumba yake inamira ndi Freddy mu 2023.

Ndinganene kuti alembe nkhani ya masamba asanu pa chimodzi mwa izi, mphunzitsi wake aikonze. Nkhani yotere ndi imene imathandiza popempha thandizo la ndalama, ndipo maphunziro a ku Washingtonwa ndi ofunika kupita ngati wina walipira. Ngati akufunadi credit osakwera ndege, DiploFoundation, bungwe lophunzitsa za ukazembe, ili ndi makosi a pa intaneti; afunse ngati ena ali ndi credit ya yunivesite yovomerezeka. Data ndi netiweki ya pa Ngabu ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi tikiti. Koma nayonso silabasi yake ipite kaye kwa Registrar.

Mphunzitsi wa ku Nchalo

Chinanso, bambo. Muoneni imeloyo yachokera ku adiresi yanji. Ma adiresi a mayunivesite a ku America amathera ndi .edu. Ngati ndi bungwe lapadera, mwana alembere yekha Registrar wa yunivesite imene aitchulayo, pogwiritsa ntchito adiresi ya pa webusaiti yake, afunse ngati amalidziwa bungwelo ndiponso ngati transcript adzatulutsa ndi iwo. Ndipo ngati sanafunsirepo malo koma kalata ikuti "wasankhidwa", afunse kuti dzina lake analitenga kuti.