Filimu ya Loweruka, mnyamata wathu asanatuluke m'chipatala

Azakhali: Moni nonse. Adokotala akuti mnyamata wathu amutulutsa sabata yamawa. Ganizo lija loonera filimu limodzi kuti tonse tiwamvetse matenda ake a maganizowa, a schizophrenia, likhale Loweruka madzulo, kwa agogo. Tionera iti?

Amalume Aang'ono: Ine ndili nayo ija ya Jim Carrey, Me, Myself & Irene. Munthu mmodzi koma mkati mwake muli awiri. Si zomwezo? Tisekekonso pang'ono, takhala ndi nkhawa mokwanira.

Achemwali Anamwino: Pepani amalume, imeneyo ayi. Itatuluka mu 2000, mabungwe oona za matenda a maganizo ku America anadandaula nayo kwambiri. Schizophrenia si kukhala anthu awiri m'thupi limodzi, amenewo ndi matenda ena. Mlongo wangayu ndi yemwe uja mumamudziwa. Vuto lake ndi loti amamva mawu amene ife sitikumva, ndipo amakhulupirira zinthu zimene kulibe.

Alamu: Nanga A Beautiful Mind ya 2001? Russell Crowe akusewera ngati John Nash, katswiri wa masamu amene analandira mphoto ya Nobel mu 1994 ali ndi matenda omwewa.

Achemwali Anamwino: Imeneyo bola, koma tiionere tikudziwa pamene anakometsera. M'filimumo Nash amaona anthu atatu: mnzake wogona naye chipinda chimodzi, kamtsikana, ndi kazitape wa boma wovala chipewa. Nash weniweni sankaona anthu otero. Iye ankakhulupirira kuti pali mauthenga achinsinsi olembera iyeyo, kenako n'kumamva mawu. Opanga filimu amafuna chinthu choti kamera ijambule, ndiye mawu a m'mutu amawaveka jekete.

Mayi Ake: Inetu zoona anthu sindinazione. Chimene ndinaona ine, mwana amene ankakonda kutchena anasiya kusamba. Tsiku lonse chikhalire pabedi, maso kukhoma. Ukamufunsa kanthu, yankho ndi liwu limodzi, nkhope osasintha. Wailesi anaikulunga m'bulangete, akuti ikunena za iye. Ine ndinkamukalipira kuti ndi ulesi.

Achemwali Anamwino: Mayi, zimenezo ndi zizindikiro zenizeni, ndipo n'zimene zimachedwa kutha ngakhale mawu aja atachepa. Koma ndani angalipire kuti aonere munthu atangokhala duu kwa maola awiri? N'chifukwa chake m'mafilimu siziwoneka kawirikawiri. Ndiye akabwera n'kumagona mpaka masana, wina asayambe zoti "dzuka, ndiwe mwamuna". Mankhwalanso ena amagonetsa ndi kunenepetsa.

Mayi Aang'ono: Mundikhululukire, koma ndifunse. Ana aang'onowa azigona nyumba imodzi ndi iyeyo? M'mafilimu anthu otere amatenga mipeni.

Azakhali: Mwafunsa bwino, ambirife timaganiza zomwezo koma kuopa kunena.

Achemwali Anamwino: Mantha amenewo achokeradi ku mafilimu. Pali kafukufuku wa 2012 amene anaunika mafilimu 41 otuluka pakati pa 1990 ndi 2010, ndipo ambiri mwa odwala a m'menemo anawaonetsa achiwawa. Kunja kuno odwala ambiri savulaza munthu, iwowo ndi amene amamenyedwa, kuberedwa ndi kusekedwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 munthu mmodzi pa anthu 300 alionse anali ndi matendawa, ndiye ena timakwera nawo basi osadziwa. Zoti tizisamala nazo ndi mowa, chamba, kusagona ndi kudumphitsa mankhwala. Ndipo akayamba kulankhula zodzipha, ndi kuchipatala nthawi yomweyo.

Alamu: Komatu ndinawerenga kuti Nash anasiya mankhwala mu 1970, pamene m'filimu amanena kuti akumwa atsopano.

Amalume Aang'ono: Ndiye kuti munthu atha kupeza bwino popanda mapilisi?

Achemwali Anamwino: Zoona anasiya, ndipo anayamba kupeza bwino patapita zaka zambirimbiri, atavutika koopsa, Alicia, mkazi wake amene anali atasudzulana naye, akumusunga. Ambiri akasiya matenda amabwereranso. Chonde nkhani imeneyi isakambidwe pamaso pake ngati chitsanzo. Komanso musakayembekezere kuti akhale katswiri wa masamu, amalume.

Amalume Aang'ono: Masamu m'banja muno anatilambalala tonse 😂

Agogo: (mawu ojambula, walemba ndi mdzukulu) Akuti mwanayo mwamufunsa? Musamukambe ngati kulibe.

Mayi Ake: Ndimufunsa mawa ndikapita kukamuona. Akafuna kudzaionera, adzaonera tsiku lina ndi ine.

Azakhali: Chabwino. Tagwirizana A Beautiful Mind. Alamu, laputopu ndi sipika. Anamwino, muzikaimitsa filimu pamene pakufunika kufotokoza. Ana asakhalepo, muli chithunzi cha khanda m'bafa chimene chingawaopseze.

Alamu: Ndi ya maola awiri ndi mphindi 15, ndiye tiyambe 5 koloko kuti agogo asagone pakati.

Mayi Aang'ono: Anawo ndikhala nawo ine panja. Koma Lachitatu lokamutenga galimoto ndi ya ndani?

Amalume Aang'ono: Yanga. Mundiuze nthawi.