Utsi wa makina ukukana kugona pansi pabwalo la Khirisimasi

aMbewe, Chitakale

Akuluakulu anzanga a ntchito, ndithandizeni chifukwa mutu waima ndipo masiku atha. Ndapatsidwa ntchito yokongoletsa bwalo la loji ina cha ku Likhubula. Eni ake akufuna khola la kubadwa kwa Yesu pakapinga, nyali zing'onozing'ono m'mitengo, ndi utsi woyenda pansi ngati nkhungu ya m'mawa m'minda ya tiyi, kuyambira pa 24 Disembala mpaka usiku wolowera chaka chatsopano. Makina anga a utsi ndi a mawati 1500 ndipo fuluwidi, madzi amene makinawo amatenthetsa kuti apange utsi, ndi wogula, osati wosakaniza ndekha. Ndaboola kulabokosi mbali ziwiri, ndadutsitsamo paipi ya PVC ya mamilimita 110, ndathira ayisi wokwana makilogalamu 10 kuti utsi uzizire ndi kulemera, koma kwa masiku awiri tsopano utsi ukungokwawa mita imodzi kenako n'kunyamuka kupita m'mitengo. Dzulo paipi inafewa n'kupindika pamene imakhudzana ndi nozo, kakamwa ka makina kotulukira utsi. Theka la ndalama ndinalandira kale, ndipo sindikufuna kuchita manyazi pamaso pa alendo. Kodi ndikulakwitsa pati?

aPhiri, Thyolo Boma

Achimwene, mwalakwitsa pawiri, ndipo poyamba mwapatchula nokha. Paipi isamakhudze nozo. Chimene chimatuluka panozo ndi nthunzi yotentha kwambiri, ndipo imasanduka utsi wooneka pokhapokha ikakumana ndi mpweya wa panja n'kufutukuka. Mukaitsekera m'paipi yozizira isanafutukuke, gawo lalikulu limabwerera kukhala madzi, n'chifukwa chake mukayang'ana m'paipi yanuyo mupezamo fuluwidi atadikha. Siyani mpata wa zala zinayi kapena zisanu pakati pa nozo ndi kukamwa kwa paipi.

Chachiwiri n'chakuti PVC salola kuzizira kudutsa msanga, kotero utsi wanu ukungodutsa pakati pa ayisi ngati basi yosaima pasiteji. Chotsani paipi m'kati mwa bokosi, muikemo waya wa khola la nkhuku wopindidwa ngati ngalande, kuti utsi uzikhudzana ndi ayisi mwachindunji. Ine kulabokosi ndinalisiya kalekale. Ndimagwiritsa ntchito mgolo wapulasitiki wa malita 200, ndimamanga thandala la waya cha pakati pake, ayisi amakhala pathandalapo, utsi umalowera pamwamba pomwe pali malo ofutukukira, ndipo umakakamizika kutsika kudzera mu ayisi usanatulukire pabowo la pansi. Muboolenso kabowo kena kotulutsira madzi osungunuka, apo ayi amatseka njira.

aNgozo, Luchenza

Ndi ulemu wonse, aPhiri, mukumutayitsa nthawi mnzathuyu. Ndagwira ntchito ya zokongoletsa zaka zisanu ndi chimodzi ku Johannesburg, ndipo utsi wogona pansi weniweni timaupanga ndi dry ice, amene ndi mpweya wa carbon dioxide woumitsidwa. Ayisi wamba amathera pa madigiri 0, pomwe dry ice amakhala pa madigiri 78 kunsi kwa 0, komanso mpweya umene amatulutsa ndi wolemera kuposa umene timapumawu. Zamigolozi n'zongodzisangalatsa. Pezani dry ice ku Blantyre, nkhani yatha.

Mayi Nachisale, Bvumbwe

aNgozo, zimene mwanena za kuzizira kwake ndi zoona, koma mwasiya mbali imene imandidetsa nkhawa ine. Dry ice amatha yekha ngakhale mutamusunga bwino chotani, ndiye ntchito ya masiku asanu ndi atatu itanthauza maulendo angapo a ku Blantyre, ndipo phindu lonse lithera mumsewu. Chachikulu ndi ngozi. Amawotcha khungu ngati moto ukamugwira ndi manja, ukamutsekera m'chinthu chosatuluka mpweya chimaphulika, ndipo kumunyamula m'galimoto yotseka mawindo kungathe kukomola woyendetsa. Pakhola la Khirisimasi amene amayandikira kwambiri ndi ana, ena okwawa, ndipo mpweya umenewo umadikha pansi pomwe pali mphuno zawo. Panja ngoziyo imachepa, inde, koma mwana mmodzi akatola kachidutswa n'kuika m'kamwa poganiza kuti ndi ayisi wa firizesi, aMbewe adzayankha chiyani?

Ndikulankhula chonchi chifukwa ndinaonapo zakuda, ngakhale sizinali za dry ice. Chaka china ndinakongoletsa ukwati ndipo ndinaika makina pafupi ndi khonde lasimenti yosalala. Patadutsa ola limodzi pansi ponse panali potelera chifukwa cha mafuta otsalira a fuluwidi, ndipo azakhali a mkwatibwi anagwa chagada atanyamula mphatso. Ndinaona mbale zadothi zikusweka, iwo atagwira chiuno osatha kudzuka, nyimbo n'kuzimitsidwa. Ndinalipira kuchipatala ndi ndalama zanga ndipo banja limenelo silinandiitanenso. Choncho kulikonse kumene utsi wanu utulukire, kukhale pakapinga kapena padothi, osati pasimenti kapena matailosi poyenda anthu.

aChisale, Limbuli

Nonse mukukamba za bokosi, koma ine ndikuona kuti mdani wamkulu wa aMbewe ndi phiri. Ife okhala m'tsinde mwa Mulanje timadziwa kuti dzuwa likalowa, mpweya wozizira umatsetsereka kuchokera kumtunda kutsatira zigwa, ndipo chigwa cha Likhubula ndi njira yake imodzi. Kamphepo kameneko mwina simungakamve pankhope, koma n'kokwanira kubalalitsa utsi, pakuti utsi woziziritsidwa ndi ayisi umangolemera pang'ono chabe kuposa mpweya wouzungulira. Mpweya wa madigiri 5 umalemera kuposa wa madigiri 25 ndi magawo pafupifupi 7 pa 100 alionse, ndipo kusiyana kumeneko kumatha msanga utsi ukayamba kusakanikirana ndi mpweya wofunda wa Disembala.

Musanagulenso chilichonse, pitani pabwalopo nthawi yomwe alendo azidzafika, muyatse kamtengo ka lubani kapena kansanza, mukaike pansi penipeni m'malo atatu kapena anayi, muone kumene utsi wake ukulowera. Makina muwaike kumtunda, kumene mphepo ikuchokera, kuti utsi uzitsikira wokha kukhola monga amachitira madzi. Kulimbana ndi mphepo simungapambane. Kumbuyo kwa makina mumange kampanda kaudzu kapena ka mphasa kofika m'chiuno, ndipo kampandako kadzaoneka ngati mbali ya khola, alendo sadzadziwa ntchito yake.

Chinthu china chimene ambiri amachinyoza ndicho liwiro. Utsi ukatuluka mothamanga pabowo limodzi umavundula mpweya n'kukwera. Ine ndimamangirira thumba lalikulu lakuda la zinyalala kukamwa kwa paipi yotulukira, ndimalidula kunsi, n'kulipsinja ndi miyala m'mbali kuti likhale lophwatalala, ndipo utsi umatuluka mwakachetechete ngati phala likutayika. Ngati bwalo ndi lalikulu, yalani paipi yaitali yoboola mabowo m'mbali, muibise ndi udzu, koma muipendeketse pang'ono kuti madzi asadikhemo. Thiraninso madzi pakapinga dzuwa likangolowa, chifukwa nthaka imene yawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse imatenthetsa utsi kuchokera pansi.

aNgozo, Luchenza

Mipanda, matumba, lubani, kuthirira kapinga, zonsezi ndi umboni woti njira yanu ndi yofooka. Ndi dry ice simufunika zonsezo. Ndabwereza.

aChisale, Limbuli

Akulu, mphepo sisankha kuti uyu ndi utsi wa dry ice kapena wa ayisi wamba. Ku Johannesburg kuja ndikukhulupirira kuti zambiri munkachitira m'maholo. Bwalo la m'tsinde mwa phiri ndi nkhani ina.

aMbewe, Chitakale

Zikomo nonse. Mpata wa panozo ndausiya madzulo ano ndipo utsi wachuluka ndithu, koma ayisi akutha mofulumira moti pofika 8 koloko m'bokosi munali madzi okhaokha. Wina wandiuza kuti ndithire mchere. Kodi n'zoona? Komanso fuluwidi watsala lita imodzi, ndipo ndikuganiza zosakaniza gilisalini wa m'sitolo ndi madzi kuti ndipulumutse ndalama.

aPhiri, Thyolo Boma

Kutha kwa ayisi kusakudabwitseni, ndi masamu chabe. Kilogalamu imodzi ya ayisi imafuna ma kilojoule 334 kuti isungunuke, ndipo hita ya makina anu ya mawati 1500 ikamayaka mosalekeza imatulutsa kutentha kofanana ndi kumeneko m'mphindi zosakwana zinayi. Si kutentha konse kumene kumafika m'bokosi, komabe mutha kuona kuti makilogalamu 10 sangakufikitseni pakati pa usiku ngati chala chanu chikukhalira pabatani. Tulutsani utsi pang'onopang'ono, masekondi ochepa kenako kupuma, ndipo mugwirizane ndi eni malo kuti utsi uzioneka nthawi zoikika, monga pamene kwaya ikuimba kapena pamene alendo akujambulitsa, osati usiku wonse. Mabotolo a madzi oumitsidwa mufiriza amakhalitsa kuposa ayisi wophwanya ndipo mungawabweze mufiriza m'mawa, ngakhale saziziritsa mwamphamvu ngati wophwanyayo. Ine ndimaika mabotolo pansi, wophwanya pamwamba.

Mchere umatsitsadi kuzizira, ungafike pafupi ndi madigiri 20 kunsi kwa 0, koma umasungunula ayisi msanga, umadyetsa waya dzimbiri, ndipo madzi ake akatayikira pakapinga wa eni ake, pofika Januwale padzakhala chigamba chouma chimene mudzachilipire. Ngati muuthira, tcherani ndowa pakabowo kotulutsira madzi.

Za gilisalini ndikukupemphani musayerekeze. Hita ya makina alionse inapangidwira fuluwidi wa mtundu wake, ndipo gilisalini akapsa mopitirira amatulutsa utsi woyabwa m'maso ndi pakhosi umene ndi woipa m'mapapo. Madzi a pampopi kapena a pamjigo nawo amasiya miyala m'kapaipi ka hita, ndipo makina amatsekeka. Ndinataya makina anga oyamba motero, pa tsiku la ntchito lenilenilo, pampu ikulira koma osatuluka kanthu.

Mayi Nachisale, Bvumbwe

Ndiwonjezere pa za m'mapapo. Ngakhale fuluwidi wabwino amatha kudzutsa mphumu, choncho auzeni eni malo adziwitse makolo, ndipo ngati pali ana osewera ngati abusa ndi angelo, asaime m'kati mwa utsi nthawi yaitali. Onaninso kumene utsi ukuthera. Ngati bwalolo lapendekera kumsewu, usiku wopanda mphepo utsi umatha kutsikira komweko n'kuphimba maso a oyendetsa galimoto ndi akabaza.

aPhiri, Thyolo Boma

Ndipo palibe amene watchula mvula, pomwe tikukamba za Mulanje mu Disembala. Makina amenewa sanapangidwire panja. Amakoka pafupifupi ma ampu 6.5 pa magetsi athu a mavoti 230, ndiye ekisitenshoni yopyapyala ya pamsika, makamaka ikakhala yokulungidwa, imatentha mpaka kusungunuka. Gwiritsani chingwe chokhuthala chokhala ndi waya wa ethi, polumikizira ponse pakhale pamwamba pa njerwa ndi pofundidwa, makina akhale pansi pa kadenga koma osawakutira ndi pulasitiki, ndipo chingwecho chichokere pa soketi yotetezedwa ndi earth leakage, chipangizo chimene chimazimitsa magetsi akayamba kuthawira pansi. Kumbukirani kuti mwauzidwa kuthirira kapinga, ndipo padzakhala ana oyenda osavala nsapato. Udzu wa khola ndi kampanda kaja zitalikirane ndi nozo. Magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, musaike makina pa jenereta yaing'ono imodzimodzi ndi zokuzira mawu, chifukwa hita ikamayaka ndi kuzima mphamvu imatsika ndi kukwera, ndipo ndinaonapo amplifaya ya mnzanga ikupsa pa chifukwa chimenechi pa chinkhoswe ku Thekerani.

aNgozo, Luchenza

Mwaona tsopano, mwafika pa mchere, mabotolo ndi ndowa. Dry ice sasiya madzi ngakhale dontho limodzi, ndipo nkhani ya kapinga wonyowa ndi magetsi sikanakhalapo. aMbewe, mudzandikumbukira pa 24.

Mayi Nachisale, Bvumbwe

aPhiri, pa nkhani ya jenereta ija, yanga ndi ya 2.5 kVA ndipo ndili ndi ntchito ku Thyolo pa 26 yofuna makina a utsi a mawati 900, nyali za LED ndi masipika awiri. Kodi ingakwanitse zonsezo, kapena ndibwereke ina yapadera ya makinawo?