Katundu wa kwaya ndimulembe kuti zoimbira, zida kapena mingoli?

Mlembi_wa_Kwaya:
Abale ndithandizeni. Ndine mlembi wa kwaya ya achinyamata pampingo wathu kuno ku Dedza, ndipo akuluampingo atiuza kuti katundu yense wa kwaya alowe m'kaundula. Tili ndi kiyibodi, magitala, ng'oma zachikopa, zisekese, masipika, maikolofoni ndi zingwe zake, komanso mabuku a nyimbo. Pamwamba pa tsamba ndinalemba kuti "Zida za nyimbo". Wapampando wakana, akuti zida ndi za nkhondo, ndilembe "Zoimbira". Msungichuma naye akuti sipika si choimbira chifukwa palibe munthu amaimba sipika. Mayi ena achikulire akuti mawu enieni ndi "mingoli". Lamulungu likubwerali ndikawerenga lipotili pamaso pa mpingo, ndiye ndinene chiyani?

Aphunzitsi_Opuma:
Mwanawe, awapampandowo akukuopsezani chabe. Mmisiri wa matabwa ali ndi zida zake, mlimi ali ndi zida zake, nanga onsewo akupita kunkhondo? Pawailesi amanena tsiku ndi tsiku kuti "zida zoimbira" kapena "zipangizo zoimbira", ndipo palibe amathawa. Chimene chikundivuta ine m'khutu ndi "za nyimbo". Nyimbo ndi chimene chimatuluka, pomwe chida ndi choimbira.

Komatu amsungichuma musawapeputse, aona bwino. Mawu akuti kuimba kwathu kuno amanyamula zambiri. Timaimba ndi pakamwa, timaimba gitala, timaimba belu la tchalitchi, amayi amaimba nthungululu, timaimba foni, mpaka kubwalo la amfumu munthu amaimbidwa mlandu. Koma sipika simuiimba. Ntchito yake ndi kukweza zimene wina waimba kale, n'chifukwa chake timati zokuzira mawu, ndipo chachikulu chija chapamsonkhano timati chimkuzamawu.

Ng'oma nayo ili ndi mawu akeake. Ena amati kuimba ng'oma, ena kuomba, ena kuliza. Ine ndinakulira pafupi ndi dambwe, ndipo kumeneko ukati "ng'oma" basi, akulu amakufunsa kuti iti, mbalule kapena mpanje? Mbalule ndi imene imayankhulana ndi mapazi a wovina. Gule asanayambe anyamata amayatsa udzu n'kuziwamba, akumenyamenya ndi chala kuti amve ngati chikopa chakungika, kenako amamata phula pakati kuti liwu litsike. Ng'oma zanuzo ngati zili zosiyana msinkhu, lembani iliyonse payokha. Ikadzasowa imodzi mudzadziwa kuti yapita iti.

Za mingoli, amayiwo sananame. Ndi mawu okoma, a akuluakulu, ndipo amamveka bwino pa ndakatulo kapena pamene woulutsa mawu akukometsa pulogalamu. Mayina ena akale otere mukawapeza mukatsegula Salimo 150, muli lipenga, zeze, lingaka ndi nsanje. Koma kaundula amafuna mawu oti mwana wa Sande sukulu amve. Chingwe cha maikolofoni si mngoli.

DJ_wa_ku_Ndirande:
Adala anena zoona. Ife a maukwati timangoti "zida" basi. "Zida zafika?" ndiye kuti zonse, masipika, ampu, jenereta yomwe. Palibe waitanapo apolisi.

Mawu amene amasokoneza anthu ndi chamba. Wina akandifunsa kuti "mumaika chamba chanji?" akufunsa mtundu wa nyimbo, kaya reggae, kaya manganje, kaya zauzimu. Tsiku lina paukwati ndinalengeza kuti tsopano tisinthe chamba, agogo ena anandiyang'ana ndi diso loti ndabweretsa fodya wamkulu paukwatipo. Enanso ndi chimbale. Ana a lero nyimbo amatumizirana pa WhatsApp, mbale zakuda zozungulira pa galamafoni sanazionepo, koma woimba akatulutsa nyimbo khumi pamodzi timanenabe kuti watulutsa chimbale. Mulipoti lanulo mawu akuti chamba musawaikemo achimwene, mungaitanidwe kubwalo la mpingo.

NaPhiri_ku_Joni:
Ine langa ndi limodzi. Zisekese musazitaye pansi pa mndandanda ngati zinyalala. Kwaya yathu ya Amalawi kuno ku Johannesburg kiyibodi tinagula mosavuta, koma zisekese tinachita kuitanitsa kumudzi pa basi. Magetsi akazima, kiyibodi imangokhala duu, ndipo chimene chimagwira nyimbo ndi ng'oma, zisekese ndi m'manja. Zimenezo ndi zoimbira zenizeni, zikhale pamwamba.

Mlembi_wa_Kwaya:
Zikomo nonse, makamaka aphunzitsi. Ndagawa patatu: "Zida zoimbira", "Zokuzira mawu", ndi "Mabuku a nyimbo". Ng'oma ndi zisekese ndayamba nazo monga anenera anaPhiri. Awapampando ndawaonetsa, avomera koma monyinyirika. Tsopano mkangano wasamukira pa mayunifolomu a kwaya, amsungichuma akuti alowe gawo lachinayi.