Tinyama ta m'mphuno: ndivomere opaleshoni kapena ndidikire kaye?

Nabanda wa Mandasi

Moni nonse. Ndikufuna nzeru kwa amene munadutsamo. Ndili ndi zaka 41, ndimakazinga mandasi ku Ndirande. Chino ndi chaka chachitatu mphuno zanga zili zotsekeka mbali zonse ziwiri. Poyamba ndinkangoti ndi chimfine cha chiperoni, koma Okutobala anafika dzuwa likuswa mtengo, ine ndikupumirabe kukamwa. Mamina amatsikira kukhosi, ndipo ndikawerama kuti ndikoleze mbaula, pamphumi ndi pansi pa maso pamalemera ngati andisenzetsa mwala.

Chimene chikundipweteka mtima kwambiri n'choti sindimvanso fungo. Sabata yatha nyemba zinapserera ine ndili pomwepo, ndafulatira ndikukanda ufa. Mwana wanga wa sitandade 5 anachita kuthamanga kuchokera panja, amvekere, "Amayi, simukumva?" Mafuta okazingira akayamba kutha ntchito ndimachita kumuitana yemweyo kuti anunkhize.

Dokotala atandiunika ananena kuti muli tinyama totchedwa ma polyp. Anandipatsa prednisolone wa masiku ochepa ndi mometasone wopopera. Tsiku lachinayi ndinamva fungo la sopo posamba, misozi inatuluka. Koma patangotha mwezi ndi theka zabwerera pakale. Tsopano akukamba za CT scan, kundijambula m'kati mwa mutu ndi makina, kenaka opaleshoni. Ndilinso ndi mphumu. Mayi anga akukaniratu, akuti mpeni suyenda pafupi ndi maso. Kodi amang'amba nkhope? Nanga tinyamato tikachotsedwa ndiye kuti basi?

Bambo a Tadala

Achemwali, mantha amenewo ine ndinali nawo. Nkhope sang'amba ayi. Amakugonetsani, n'kulowetsa kachubu kowonda kokhala ndi kamera kudzera m'mphuno momwemo, kuchotsa tinyamato ndi kukulitsa timakomo ta mphako za m'mafupa a nkhope kuti mamina azituluka. Ine kunja kulibe chipsera ngakhale chimodzi. Masiku oyamba ndi osowetsa mtendere: mumatuluka timagazi ndi nkhanambo, ndipo anandiletsa kumina kwa sabata yopitirira. Koma usiku umene ndinagona kukamwa kuli kotseka, mayi a kunyumba anachita kundigwedeza, poti mkonono umene anauzolowera unali zii.

Kulakwa kwanga kunali kumodzi. Nditaona kuti ndikupuma bwino ndinasiya kupopera mankhwala, ndipo zaka ziwiri zisanathe tinayamba kumeranso. Inu musadzachite zimenezo.

Namwino Naphiri

Mayi Nabanda, pepani ndi zimenezi. Tinyamati timabwera chifukwa khungu la m'kati mwa mphuno ndi m'mphako zija lakhala lotupa nthawi yaitali. Kutsekeka kukapitirira masabata 12 sitikutchanso chimfine. Opaleshoni imachotsa tinyama n'kutsegula njira, koma kutupako kumakhala kudakalipo, n'chifukwa chake zinawabwerera Bambo a Tadala. Kwa munthu wa mphumu timabwerera kawirikawiri, choncho mankhwala opopera ndi a tsiku ndi tsiku, opaleshoni ichitike kapena isachitike. Prednisolone ndi wamphamvu, koma si womwa pafupipafupi. Amakweza shuga ndi BP, amafooketsanso mafupa. Musamakagule nokha pofuna kuti fungo libwerere.

Mayi anu sananame kuti malowo ndi oyandikana ndi maso ndi ubongo. CT scan ija ntchito yake ndi imeneyo, kuti dokotala aone mmene mafupa anu akhalira asanakhudze kanthu. Zovuta zazikulu zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo muli ndi ufulu wowafunsa madokotala a mphuno, makutu ndi mmero kuti akufotokozereni bwinobwino musanasayine. Ku Queens alipo.

Panopa yambani kutsuka m'mphuno. Wiritsani madzi okwana theka la lita, azizire, muikemo supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi ina ya soda wophikira. Madzi a pampopi kapena a pamjigo osawiritsa ayi. Tsukani kaye, kenaka poperani. Ambiri amapopera molakwika: weramitsani mutu pang'ono, dzanja lamanja lipopere mphuno yakumanzere, kamlomo ka botolo kaloze chakukhutu osati pakati pa mphuno, ndipo musakoke mpweya mwamphamvu chifukwa mankhwala angothera kukhosi.

Mafunso awiri: kodi mukugwiritsa ntchito Otrivin, mankhwala odontheza otsegula mphuno aja? Nanga mukamwa Aspirin kapena Brufen, pachifuwa pamatani?

Nabanda wa Mandasi

Iii Anamwino, mwandigwira. Otrivin ali pansi pa pilo, ndimadontheza usiku uliwonse kuyambira chaka chatha, popanda ameneyo tulo sitibwera. Za Brufen sindinaganizepo, koma tsiku lina dzino likundiwawa ndinamwa awiri, ola lisanathe ndinabanika mpaka anandithamangitsira kuchipatala pa kabaza. Ine ndinkati ndi utsi wa makala.

Namwino Naphiri

Zimenezo mukawauze adokotala momwe mwafotokozera pano, ndipo azilembe m'buku lanu la kuchipatala. Mphumu, tinyama ta m'mphuno ndi kubanika ndi Aspirin zimayendera limodzi mwa anthu ena. Mpaka akuuzeni zina, Aspirin, Brufen ndi Diclofenac musamwe. Ogonetsa pa opaleshoni ayeneranso kudziwa. Otrivin sayenera kupitirira sabata imodzi, chifukwa akatha mphamvu mphuno imatupa kuposa kale, ndiye mbali ina ya kutsekekako ingakhale yochokera kwa iyeyo. Masiku oyamba mutamusiya adzakhala ovuta, pitirizani ndi madzi a mchere ndi mometasone.

Koma diso likatupa, mukayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena mutu ukawawa koopsa ndi kutentha thupi khosi litauma, musadikire tsiku limene anakupatsani. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku.