Ndigule galamafoni yakale kapena yatsopano?

Akuluakulu nonse okonda nyimbo za pa mbale, ndikupempha nzeru zanu. Ndimakhala ku Nkhotakota, kufupi ndi nyanja, ndipo malemu bambo anga anandisiyira mbale zambiri, zina zozungulira maulendo 33 pa mphindi, zina maulendo 45, zomwe ndakhala ndikuzisunga m'bokosi kwa zaka zambiri osazimvera.

Pali makina awiri amene ndikuwaganizira. Oyamba ndi Technics SL-1200MK2, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1979, omwe mwini wake wa ku Salima akuwagulitsa. Makinawa alibe lamba chifukwa mota imazungulitsa mbale mwachindunji, ndipo zimenezi zikundikopa kwambiri, popeza ndikuopa kuti kutentha ndi chinyezi cha kuno kunyanja zingamafooketse lamba wa labala msanga. Komabe singano yake iyenera kusinthidwa, ndiponso ndiyenera kupeza phono preamp, kachipangizo kokweza mawu ochokera ku singano, kuti mawu amveke pa masipika anga.

Achiwiri ndi Audio-Technica AT-LP60X atsopano, oyendera lamba, okhala kale ndi preamp mkati, amene m'bale wanga angandibweretsere kuchokera ku Johannesburg.

Inu amene mwagwiritsapo ntchito makina akale, kodi ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama, makamaka pa mkono wonyamula singano? Nanga singano zimapezeka ku Lilongwe? Chimene ndikuopa kwambiri n'kukanda mbale za bambo, pakuti zikawonongeka sindidzazipezanso kwina.