Alendo akufuna Lesotho mu Julayi, galimoto ndi ya ku Tete

Dalaivala wa ku Matundo:
Odi akuluakulu. Ndapeza ganyu koma yandikulira. Abwana anayi a ku India ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize akufuna ndiwatengere ku Lesotho pa tchuthi chawo mwezi wa Julayi. Akuti fumbi la kuno lawakwana, akufuna akagwire sinowo ndi manja. Ine polekezera panga ndi Johannesburg, kudzera pa Cuchamano, Harare ndi Beitbridge, ndipo njira imeneyo ndimaidziwa dzenje lililonse. Kupitirira apo ndine mlendo. Iwo aona zithunzi za Sani Pass, msewu wa m'phiri wokwera ku Lesotho kuchokera ku South Africa, pa Facebook ndiye akakamira kuti tikalowere pomwepo. Galimoto ndi minibasi yanga ya Quantum ya dizilo ija mukuidziwa. Mtengo sindinawauze, ndikuopa kudziwotcha. Amene munafikako ndithandizeni.

Mdala wa ku Ulongwe:
Mphwanga, za Sani Pass ndi Quantum iwalako lero lomwe. Pa boda ya South Africa m'munsi mwa phirilo amalola magalimoto a 4x4 okha kukwera, iwe akakubweza. Ndipo akakubweza uwathokoze. Kuchoka pa boda imeneyo kufika pamwamba ndi makilomita pafupifupi 8 okha, koma ndi miyala ndi dothi, msewu wokhotakhota ngati njoka yomenyedwa, mpaka ufike pa mamita 2,876. Mu Julayi makona ena omwe dzuwa silifikako amakhala ndi madzi oundana tsiku lonse. Boda yakenso amatseka 6 koloko madzulo, si ya usiku.

Ndinakwerako kamodzi pa Land Cruiser ya abwana anga akale. Pa kona ina ndinayang'ana kumbali, ndinaona mbalame zikuuluka pansi pa ine. Kuyambira pamenepo maso anali pa msewu basi.

Mnyamata wa ku Tsangano:
Za msewu ndamva, koma kuzizirako musamuopseze munthu amdala. Ife kwathu mu Juni chisanu chimapsereza mbatata m'dimba, tili moyo mpaka lero. Jekete imodzi yokwana.

Mdala wa ku Ulongwe:
Iwe mwana, inenso ndinabadwira ku Angónia konkuno, chisanu cha kwanucho ndikuchidziwa. Koma mvetsa. Malo otsika kwambiri m'dziko lonse la Lesotho ali pa mamita pafupifupi 1,400, kumeneko ndiye kudambo kwawo, pamwamba kuposa Ulongwe wathuyu. Phiri la Domwe lomwe timalinyadirali langopitirira pang'ono mamita 2,000, pomwe kumeneko msewu wa phula umadutsa pa mamita oposa 3,000 galimoto ikuyenda. Thabana Ntlenyana, phiri lawo lalikulu, ndi mamita 3,482. Ukuganiza abusa a kumeneko amayenda atadzikulunga bulangete masana chifukwa cha fasho?

Makaniko wa ku Moatize:
Achimwene a ku Matundo, musanapite patali ndi nkhani ya njira ndifunse kaye. Mu rediyeta yanuyo muli chiyani?

Dalaivala wa ku Matundo:
Madzi a pampopi akulu, monga mwa nthawi zonse.

Makaniko wa ku Moatize:
Ndimadziwa. Tonse kuno timatero chifukwa mdani wathu ndi kutentha kwa Okutobala kopitirira madigiri 40. Kumapiri a Lesotho usiku wa Julayi kumatha kutsika mpaka madigiri 10 pansi pa ziro, mwinanso kupitirira. Madzi akaundana amafufuma, ndipo chitsulo sichifufuma nawo. Mudzadzuka m'mawa rediyeta itang'ambika, mukachita tsoka ndi buloko ya injini imene. Bwerani nayo tikhuthule madzi onsewo, titsuke, tithiremo antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, theka ndi madzi theka. Ya m'botolo lotsekedwa, osati madzi obiriwira ogulitsa m'mabotolo a fanta pamsika aja.

Chachiwiri ndi dizilo. Ndikudziwa mtima wanu, mudzafuna kunyamula zigubu kuchokera kuno. Lekani. Munaonapo mafuta ophikira m'botolo m'mawa wa Juni ku Angónia, mmene amayerera n'kugwirana? Dizilo naye amatero, muli phula losungunuka lomwe limagwirana kukazizira n'kutseka fyuluta. Injini imalira pang'ono kenako zii. Thirani pa bomba za kufupi ndi malire a Lesotho, iwowo nyengo yozizira amagulitsa dizilo wolimbako ku chisanu, ndipo thanki ikhale yodzaza musanayambe kukwera chifukwa kumapiriko bomba n'zotalikirana. Fyuluta ina yatsopano ikhale pansi pa mpando.

Batire ngati yadutsa zaka zitatu musaikhulupirire. Kuno imadzutsa galimoto chifukwa injini sizizira kwenikweni. Ma glow plug, aja otenthetsa injini ya dizilo poiliza, tiwayesenso, ambiri kuno akuyenda ndi awiri akufa osadziwa.

Mdala wa ku Ulongwe:
A makaniko mwaiwala mabuleki, ndiye ndinene ine chifukwa anandiphunzitsa ndi mantha. Ndikutsika Moteng Pass ku Lesotho komweko ndinali nditapondereza buleki ngati ndikutsika pa Zóbuè. Ndinangomva fungo ngati mphira wapsa, kuponda pedulo yalowa yokha mpaka pansi ngati ndaponda nsima. Ndinapulumukira pa giya ndi handibuleki, n'kuima pambali. Kamnyamata koweta nkhosa, bulangete mpaka m'khosi, nsapato za mphira, kanabwera n'kugwira tayala, kanachotsa dzanja msanga n'kuseka. Tinakhala pamenepo ola lathunthu kudikira zizizire. Giya yomwe wakwera nayo phiri ndi yomweyo utsike nayo, injini izigwira galimoto, buleki uzingoikhudza.

Makaniko wa ku Moatize:
Zoona amdala. Mafuta a mabuleki akakalamba amamwa chinyezi, akatentha amawira, n'chifukwa chake pedulo inalowa. Tisintha amenewonso. Musadabwenso galimoto ikachita ulesi pokwera, mpweya kumwambako ndi wochepa. Ya turbo imapirirako.

Mayi wa matikiti ku Tete:
Abambo inu mwakonza galimoto bwino, koma alendowo mukhoza kukawasiya pa boda. Lesotho yazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse, khomo lina palibe. Mukalowa Lesotho ndiye kuti mwatuluka mu South Africa, chidindo chamenyedwa. Pobwerera mukulowanso kachiwiri. Inu a pasipoti ya Mozambique mumalowa South Africa masiku 30 popanda viza, n'chifukwa chake simuganizako. Anthu a ku India amafunika viza, ndipo ikakhala yolowera kamodzi, yathera pa tsiku lomwe alowa Lesotho. Auzeni apemphe yolowera kangapo, ndipo mukaitenge pasipoti iliyonse m'manja mwanu muwerenge nokha, musamve zoti "zonse zili bwino". Zimbabwe nayonso mudutsa kawiri, kupita ndi kubwera. Ya Lesotho yeniyeni aikonzeretu asananyamuke, malamulo ake amasiyana malinga ndi pasipoti, ndiye aliyense afunsire yake.

Ndinazionapo ndi kasitomala wanga wina. Viza anakonzetsa kwa munthu wina amene sanafunse n'komwe kuti ulendo ukathera kuti. Anandiimbira ali pa boda ya Maseru Bridge mawu akunjenjemera, ndege yake ikunyamuka ku Johannesburg mawa lake.

Dalaivala wa ku Matundo:
Mayi mwandipulumutsa, zimenezo sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Nanga ndalama? Ndipo ngati Sani yakanika, sinowoyo ndikawaonetsa kuti? Paja ndi chimene akulipirira.

Mayi wa matikiti ku Tete:
Ndalama yawo ndi loti, zambiri amati maloti, ndipo mphamvu yake ndi yofanana ndendende ndi randi. Randi imagwira ntchito paliponse m'Lesotho, ndiye musavutike kusintha kawiri. Koma chenji akakupatsani cha maloti chidyereni komweko, mukatuluka nacho ku South Africa sachilandira. Metikali isiyeni kunyumba. Nyamulani makobidi m'thumba, pa boda galimoto imalipira msonkho wa msewu ndipo kumidzi ya kumapiri khadi ilibe ntchito. Amayenda kumanzere ngati ife. Malungo kulibe, koma awa ochokera ku Moatize wina akatentha thupi mukauze adokotala kumene mwachokera, angaganize chimfine chabe.

Mdala wa ku Ulongwe:
Njira ndi iyi mphwanga. Kuchoka Johannesburg lowera ku Free State, Bethlehem kenako Fouriesburg, ukalowe pa Caledonspoort masana chifukwa boda imeneyo sigwira usiku wonse. Ogwira usiku wonse ndi Maseru Bridge ndi Ficksburg. Ukafika Butha-Buthe gonani pomwepo. M'mawa dzuwa likakwera tenga msewu wa A1, ndi phula lokhalokha, ukwere Moteng mpaka ku Afriski, malo osewerera pa sinowo. Kumeneko nyengo ya Juni mpaka Ogasiti amapanga sinowo ndi makina ngakhale kumwamba kusagwetse, ndiye abwana akowo sakabwera chimanjamanja. Usanakwere funsa anthu a pa bomba ngati msewu uli wotsegula, sinowo ikagwa yambiri amautseka. Dzuwa likamapendeka ukhale utatsika kale.

Kugona m'munsi ndikunenaku si ulesi. Mzinda wa Tete uli pansi penipeni m'chigwa cha Zambezi, munthu wozolowera kumeneko ukamuponya pa mamita 3,000 mutu umawawa, nseru, befu pongoyenda pang'ono. Usiku wa ku Johannesburg uwathandiza, pajatu napo ndi pa mamita oposa 1,700. Amwe madzi ambiri, kachasu wa azungu uja adikire. Wina akayamba kusanza kapena kudzandira usamupatse panado n'kupitiriza, tsika naye.

Ndipo upereke moni. Kumeneko amati "lumela" polemba koma potchula imamveka "dumela". Osajambula abusa usanawapemphe.

Mnyamata wa ku Tsangano:
Chabwino amdala ndagonja, majekete awiri. Koma Sani akaikakamirabe?

Mayi wa matikiti ku Tete:
Azungulire ku Underberg kapena Himeville, matauni a South Africa a m'munsi mwa Sani, asiye Quantum kumeneko. Kuli anthu a ma 4x4 omwe ntchito yawo ndi yomweyo, kukweza alendo m'mawa n'kutsika nawo madzulo. Kungoti kumeneko ndi kutuluka ndi kulowanso South Africa kachitatu, ndiye viza ija ikhaledi ya kangapo, osati ya kawiri.

Dalaivala wa ku Matundo:
Ndamva zonse akuluakulu, Mulungu akudalitseni. Ndawaimbira, awiri mwa anayiwo viza zawo n'zolowera kamodzi, akuti ayamba kukonza Lolemba. Sani ndawauza kuti ndi mtengo wapadera ndipo galimoto ikhala ya eni dera. A makaniko, Quantum ndibwera nayo Loweruka m'mawa. Antifreeze ndigule malita angati?

Makaniko wa ku Moatize:
Gulani 5 ya yosasungunula, madzi a batire ndili nawo kuno. Mubwere ndi buku la galimotoyo tione kuti imamwa zingati. Hita yanu imagwira?

Dalaivala wa ku Matundo:
Chigulireni sindinaiyatsepo.