Asilikali athu apamadzi amakonzekera ndani kwenikweni?

Mwana_wa_ku_Malindi

Abale ndili ndi funso landizunguza mutu. Nkhani zakunja masiku ano nzoti America ikusintha mapulani a asilikali ake apamadzi chifukwa cha China, poti tikawerenga nambala ya sitima zankhondo China ndi imene ili nazo zambiri pano, mpaka mu 2021 America ndi Britain anagwirizana zothandiza Australia kupeza sitima zoyenda pansi pamadzi zamphamvu ya nyukiliya, zonsezo maso ali pa China basi. Ndie ndimati nanga ife kuno? Asilikali apamadzi tili nawo ku Monkey Bay, nyanja ya Malawi ndi yaitali kuposa makilomita 500, Tanzania imati mbali yakumpoto malire ali pakati pamadzi. Akuluakulu akakhala pansi kukonza bajeti amaganizira ndani? Tikufunika sitima yankhondo yeniyeni yamizinga kapena ayi? Odziwa ndithandizeni chonde.

Che_Fort_Johnston

Achimwene funso labwino ili. Yankho lina lili pa tauni ya Mangochi pompano, pitani pa wotchi ya Queen Victoria pafupi ndi buliji mukaone mfuti ili pamenepo, inachokera mu sitima ya Guendolen. Mu Ogasiti 1914 nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangoyamba, Angelezi ankadziwa bwino lomwe kuti panyanja yonseyi chowaopseza chinali chimodzi chokha, sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Ndie sanachedwe, anatuma kaputeni Rhoades ndi Guendolen kukaifuna ndipo anakaipeza ku Sphinxhaven, komwe pano amati Liuli ku Tanzania, itakokeredwa kumtunda akuikonza. Anaiombera ili pompo osasuntha. Kaputeni wa Ajeremani sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba, uthenga unali usanamufike. Kuyambira pamenepo Angelezi ankanyamula asilikali ndi katundu panyanja momwe afunira.

Chomwe ndikufuna muone nchoti sanapambane chifukwa cha kukula kwa mfuti, mfutiyo mukaiona ndi yaing'ono ndithu. Anali ndi uthenga mnzawo alibe, ankadziwa mdani wawo ndi ndani komanso ali kuti, ndipo sitima yawo inali pamadzi ya mnzawo ili pa shedi. Ku myuziyamu yathu pa boma pano nkhani yonseyi ilipo koma ana athu ambiri sanalowemo.

Kadaulo265

Mdala mbiriyo ndaimva koma tisazembe nkhani ya Tanzania. Ife timaimira pa pangano la Heligoland la 1890 la Britain ndi Germany lomwe linaika malire m'mphepete mwa nyanja mbali yakum'mawa, iwo amati ayi malire akhale pakati. Zinavutapo nthawi ya Kamuzu ndi Nyerere cha m'ma 1967 ndi 1968, kenako zinabukanso mu 2012 boma litapereka chilolezo chofufuza mafuta panyanja kwa kampani ya Surestream chaka cha 2011. Mapulezidenti akale a Mozambique, South Africa ndi Botswana, a Chissano, a Mbeki ndi a Mogae, anayesa kutiyanjanitsa koma zokambirana zinaima mu 2014 osagwirizana kanthu, mpaka lero nkhaniyo sinathe. Sindikunena kuti kubwera nkhondo ayi, Atanzania ndi abale athu, katundu wathu wambiri amadzera pa Dar es Salaam ndi Songwe. Koma ukamapita kokakambirana mnzako akudziwa kuti pamadzi sungaonekeko, mawu ako amapepuka. Ine ndikuti sitima imodzi yaikulu tikhale nayo, izikhala ku Chilumba kapena ku Nkhata Bay anthu aziyiona.

Makaniko_wa_pa_Bay

A Kadaulo pepani ndikutsutsani pang'ono, ine ntchito yanga ndi ya ma injini a maboti ndie ndimaona mbali inayo. Choyamba sitima yaikulu singabwere yokha kuno, Shire ali ndi mathithi. Ilala ija inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera pa Beira n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba ntchito mu 1951. Ndie werengerani kugula, kunyamula, kulumikiza, kuphunzitsa anthu, kenako dizilo tsiku lililonse ndi ma sipeya ogula ndi madola omwe dziko likusowa kale, timagona pa filing'i siteshoni kudikira mafuta a galimoto zathu zomwe. Walira mvula walira matope. Mugula chisitima chimenecho chikhala pa doko injini imodzi itafa kudikira sipeya, ndie mwangobwereza za Hermann von Wissmann zomwe anena a Che_Fort_Johnston.

Chachiwiri taonani za ku Black Sea. Ukraine inalibe sitima zankhondo zoti n'kulimbana ndi Russia koma mu Epulo 2022 inamiza Moskva, sitima yaikulu yotsogolera gulu lonse la Russia kumeneko, ndi mizinga yoombera kuchokera kumtunda. Kenako anayamba kutumiza timaboti topanda munthu todzaza mabomba mpaka Russia inasamutsira sitima zake zambiri ku Novorossiysk kuchoka ku Sevastopol. Nyanja yathu ndi yopapatiza kuposa imeneyo, malo otambalala kwambiri safika n'komwe makilomita 100, chisitima chachikulu chilibe kobisala. Ndalama yomweyo ine ndingagule maboti ang'onoang'ono othamanga ambiri, ena ku Monkey Bay ena Likoma ena Karonga, rada m'mapiri a m'mphepete mwa nyanja, ma drone oyang'anira, mawayilesi ogwira bwino, ndi sitolo ya ma sipeya yodzaza.

Mayi_a_Usipa

Abambo inu mukukamba za mizinga koma ife oyenda pamadzi kukapikula nsomba ku Makanjira mdani yemwe timamudziwa ndi mwera. Boti lodzaza anthu ndi katundu, ma jekete opulumutsira palibe, injini ikazima pakati mumangoyamba kupemphera aliyense m'chipembedzo chake, foni netiweki kulibe ndipo olo itagwira muimbira ndani woti afike msanga? Pa wotchi pomwe mwatchulapo pali chikumbutso cha sitima ya Viphya yomwe inamira mu 1946 anthu 145 n'kufa, sinamizidwe ndi Mjeremani imeneyo. Nthawi ya Freddy mu 2023 tonse tinaona asilikali akupulumutsa anthu ndi maboti, ntchito imeneyo ndi imene ine ndikufuna ndalama zipiteko. Komanso usiku panyanja pamadutsa zambiri zomwe sitizidziwa.

Kadaulo265

Mayi zomwe mwanenazo nzoona ndipo zimandikhudza, ndinatayapo mnansi pamadzi ine. Koma kugwira ophwanya malamulo a usodzi ndi ozembetsa katundu kuli a polisi ndi a fisharizi, asilikali tikawasandutsa opulumutsa okha tsiku lovuta tidzasowa kolowera. N'chifukwa chake maiko akuluakulu amakonzekera poyang'ana zomwe mnzawo angathe kuchita osati zomwe akunena lero, poti maganizo a atsogoleri amasintha pa chisankho chimodzi pomwe sitima ndi anthu odziwa kuiyendetsa zimatenga zaka. Za maboti ang'ono ambiri a Makaniko mwandikopa ndithu, bola akhale oti angathe kunyamula zida.

Che_Fort_Johnston

Nanunso musaiwale kum'mawa. Ndi Mozambique malire apamadzi anakonzedwa mu 1954, Likoma ndi Chizumulu ndi zathu koma zazunguliridwa ndi madzi awo, ndipo mkangano palibe. Vuto ndi zigawenga za ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, zomwe zinalanda doko la Mocímboa da Praia mu 2020 n'kuukira Palma mu 2021, anthu amenewo amayenda m'magulu ang'onoang'ono ndipo maboti wamba amawagwiritsa ntchito. Niassa ndi chigawo choyandikana ndi Cabo Delgado ndipo ife a Mangochi tagundana nacho pa Chiponde ndi ku Makanjira. Boti lotere sungalisiyanitse ndi la asodzi pokhapokha asodzi eniake akuuze kuti awa si akuno. Ndie asilikali azigwirizana ndi mafumu ndi makomiti a m'madoko, komanso azilankhulana ndi anzawo a ku Metangula ku Mozambique.

Mwana_wa_ku_Malindi

Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. A Makaniko funso lina, boti lothamanga la mtundu mukunenawo likanyamuka ku Monkey Bay mwera uli pakati lingafike ku Makanjira, kapena pamafunika lina lokhala tsidya lomwelo?

Makaniko_wa_pa_Bay

Likhale tsidya lomwelo achimwene, ndi thanki yake ya mafuta ndi makaniko wake. Mwera ukakwiya boti laling'ono limayenda mokwawa, ofuna thandizowo sangadikire.